Chamba cha mafakitale: chachimuna ndi chachikazi zimachokera kuti?

Mawu a mlangizi pa sukulu ya alimi ya m'munda, kwa gulu lomwe lili ndi chiphaso cholimira mbewuyi

Alimi anzanga, makolo anga, funso la lero lachokera mwa inu nomwe. Mbewu tinagula ndi imodzi, thumba limodzi, tinafesa tsiku limodzi, madzi tikuthirira ndi amodzimodzi. Nanga bwanji zomera zina zikutuluka zazimuna, zina zazikazi? Ena mwanena kuti ndi feteleza. Ena mwati ndi kutentha kwa mwezi womwe tinafesa. Pali amene amva kuti njere zikuluzikulu zamawangamawanga ndizo zazikazi, ndipo alipo ogulitsa mbewu omwe amalonjeza kukusankhirani njere zotero pa mtengo wokwera. Tiyeni tiyende nalo bwino funsoli, chifukwa m'kati mwake muli ndalama zanu.

Tikumbutsane kaye za lamulo. Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la Cannabis Regulation Act mu 2020, ndipo bungwe la Cannabis Regulatory Authority ndilo limapereka ziphaso. Chamba cha mafakitale chomwe tikulima sichiyenera kupitirira 1 peresenti ya THC, mankhwala aja oledzeretsa. Kulima popanda chiphaso ndi mlandu mpaka lero. Zonse zomwe ndinene pano ndi za munda wa gulu, wolembetsedwa, wodzala mbewu yovomerezeka.

Tiyambire pa zomwe mukuzidziwa kale. Phesi la chimanga lili ndi ngayaye pamwamba, ndevu pambali. Ngayaye ndiyo mwamuna, imagwetsa mungu. Ndevu ndiye mkazi, imalandira. Zonse zili pa phesi limodzi. Dzungu nalonso chimodzimodzi: duwa lina lili ndi kadzungu kunsi kwake, lina lilibe, koma mpira wake ndi umodzi. Papaya ndiye wosiyana. Pali mtengo wongotulutsa maluwa olendewera chaka ndi chaka osabereka, ndipo pali wina wobereka. Chamba, mwachibadwa chake, chili ngati papaya: mwamuna payekha, mkazi payekha.

Tsono zimagamulidwa liti? Zimagamulidwa njere isanakhwime n'komwe, pa nthawi yomwe mungu unagwera pa duwa la mayi wake, m'munda wa amene anachulukitsa mbewuyo. M'kati mwa chomera chilichonse muli timaulusi tating'ono kwambiri tosaoneka ndi maso, totchedwa ma chromosome, tomwe timasunga chibadwa. Chamba chili nato 20, ndipo timakhala tiwiritiwiri, kutanthauza magulu 10. Magulu 9 ndi ofanana mwa chachimuna ndi chachikazi. Gulu lakhumi ndilo limasiyanitsa. Chachikazi chili ndi tiwiri tofanana, tomwe akatswiri amatilemba XX. Chachimuna chili ndi tiwiri tosiyana, X ndi Y.

Pobereka, kholo lililonse limapereka kamodzi mwa tiwirito. Mayi alibe chosankha, ali ndi X basi, ndiye amapereka X nthawi zonse. Bambo ndiye ali ndi ziwiri: theka la mungu wake limanyamula X, theka lina limanyamula Y. Kambewu ka mungu konyamula X kakafika pa duwa, njere yobadwayo ndi XX, yaikazi. Konyamula Y kakafika, njereyo ndi XY, yaimuna. Ndi mphepo yomwe imatenga munguwo, ndipo mphepo sisankha. N'chifukwa chake mbewu wamba ya chamba imatulutsa pafupifupi theka zazimuna, theka zazikazi.

Pamenepa ndipatuke pang'ono, poti azibambo muli pano. Ndi mmene zimakhaliranso ndi anthu, mbuzi ndi ng'ombe: mbewu ya mwamuna ndiyo imagamula. Amene amadzudzula akazi awo kuti akungobereka atsikana akuloza chala kolakwika. Nkhuku ndizo zimasiyana, chifukwa kwa mbalame ndi thadzi lomwe limagamula, tambala ayi. Tibwerere ku munda.

Theka ndi theka limeneli limaoneka bwino njere zikakhala zambiri. Mukadzala njere 10 mutha kupeza zazimuna 7, mnzanu n'kupeza 3, ndiye mnzanuyo n'kuyamba kudzitama kuti ali ndi chinsinsi. Palibe chinsinsi. Ponyani ndalama yachitsulo m'mwamba kakhumi, simupeza tambala kasanu ndendende nthawi zonse. Iponyeni maulendo 1,000, muona ziwerengero zikuyandikana. Nzeru zambiri za momwe mungapezere zazikazi zokhazokha zinabadwira pa mabedi ang'onoang'ono ngati amenewa, munthu atachita mwayi kamodzi.

Ndiye njere ija yaikulu yamawanga? Khungu la njere limapangidwa ndi thupi la mayi. Limaonetsa mtundu wa mayiyo ndi mmene njereyo inakhwimira, koma silinena kanthu za mungu womwe unalowa. Njere yaimuna ndi yaikazi zochokera pa chomera chimodzi zimaoneka chimodzimodzi. Kusankha njere n'kwabwino ndithu, chotsani zotuwa, zosweka ndi zopepuka chifukwa sizimera bwino. Koma wina akakuuzani kuti akusankhirani zazikazi poyang'ana kukula, mawanga kapena kachibowo ka kunsi kwa njere, ndalama yanu ibwerere m'thumba. Kuviika njere m'madzi ofunda, kudzala mozondotsa, kudikira mwezi kuti ukhale pakutipakuti, zonsezi sizisintha Y kukhala X. Zikufanana ndi zija ena amachita zomangirira chitsononkho pa papaya lalimuna kapena kulikhoma msomali kuti libereke.

Komabe omwe munati ndi kutentha simunaphonye kotheratu, ndipo apa ndipomwe nkhaniyi imafunika kumvetsera. Chibadwa chimagamulidwa m'njere, koma maluwa amatuluka pa chomera chomwe chikukula m'munda, ndipo chimene chimauza mphukira kuti ikhale duwa lalimuna kapena lalikazi ndi timadzi ta m'thupi mwa chomeracho. Pali mpweya wina womwe zomera zimapanga zokha, wotchedwa ethylene. Mumaudziwa ntchito yake ngakhale dzina simulidziwa: ndi womwe umapsetsa nthochi mukazivundika. M'chamba, mpweya umenewu umakokera ku maluwa aakazi. Pali timadzi tina, gibberellin, tomwe timakokera ku maluwa aamuna. Chomera chachikazi chikavutitsidwa, muyeso wa zinthu zimenezi umasokonekera, ndipo chimatha kutulutsa maluwa aamuna angapo pakati pa aakazi. M'kati mwake chikadali XX. Sichinasanduke chachimuna, koma mungu chikutulutsa, ndipo munguwo ndi wamoyo.

Zomwe zimavutitsa chomera motere ndi kutentha kopitirira, makamaka m'nyumba zapulasitiki zopanda potulukira mpweya mu Okutobala ndi Novembala, ludzu lotsatiridwa ndi madzi ochuluka, kuthyoka kwa nthambi ndi mizu maluwa atayamba, kuchedwa kukolola, ndiponso kusokonezeka kwa mdima. Mitundu ina imapirira, ina imatulutsa maluwa aamuna msanga ikangovutika pang'ono, ndipo khalidwe limeneli limapita kwa ana.

Za mdimazi ndikhalepo pang'ono chifukwa kwathu kuno n'zofunika. Mitundu yambiri ya chamba imayamba maluwa ikaona kuti usiku watalika. Mitundu yambiri ya mafakitale inapangidwira ku Ulaya, kumayiko ngati France ndi Hungary, komwe m'nyengo yolima dzuwa limakhala kunja maola pafupifupi 16. Ku Lilongwe tsiku lalitali kwambiri, mu Disembala, limangofika pafupifupi maola 13, ndipo mu Juni limatsikira pa maola 11 ndi mphindi zochepa. Mbewu ya ku Ulaya ikafika kuno imaona ngati nyengo yatha kale, imathamangira maluwa ikadali yaifupi. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zomwe mitundu ya chamba cha mafakitale inayamba yayesedwa kaye ku Chitedze, kuyambira mu 2015, lamulo lisanabwere. Kwa ife tanthauzo lake ndi lakuti zazimuna zimatha kuonekera msanga kuposa mmene pepala la pa thumba likunenera. Musawerenge masabata a pa pepala, yenderani munda.

Olima za maluwa ena amayatsa mababu madzulo kuti zomera zikule kaye zisanayambe maluwa. Imeneyo ndi njira yodziwika. Koma mukangoganiza kuti tsopano ziyambe maluwa, usiku uzikhala usiku. Babu la mlonda loyaka pafupi ndi mizere, tochi yowunikira pafupipafupi, kapena magetsi oyaka lero mawa osayaka, zimasokoneza chomera, ndipo mizere ya kufupi ndi kuwalako ndiyo muyenera kuiyang'anitsitsa.

Tsono kodi chachimuna ndi mdani? Zitengera msika womwe gulu lanu linasainira.

Ngati mukulimira ulusi wa m'tsinde, musataye nthawi n'kusankha. Mumadzala mothithikana kuti matsinde atalike osachita nthambi, n'kudula maluwa akangoyamba. Zazimuna zili ndi ulusi wabwino, wosalala kuposa wa zazikazi.

Ngati mukulimira njere zoyenga mafuta kapena zakudya, zazimuna ndi antchito anu. Popanda mungu palibe njere. Vuto lake n'lakuti chachimuna chikamaliza kugwetsa mungu chimauma, ndipo theka la munda limakhala kuti silinabereke kanthu. Pofuna kuthetsa zimenezi, akatswiri anapanga mitundu yokhala ndi maluwa aamuna ndi aakazi pa chomera chimodzi, ngati chimanga. Futura 75 ndi Fedora 17 za ku France ndi USO-31 ya ku Ukraine ndi zitsanzo zake, pomwe Kompolti ya ku Hungary ndi Finola ya ku Finland zili ndi mwamuna payekha, mkazi payekha. Ndatchula mainawa kuti mukawaona pa thumba mudziwe choyembekezera, sindikunena kuti mukagule; mtundu woyenera dera lino timagwirizana ndi a kafukufuku komanso wogula. Mitundu ya maluwa awiri pa chomera chimodziyi simakhazikika yokha. Mukamasunga mbewu yake chaka ndi chaka, zazimuna zenizeni zimayamba kuchuluka mpaka mtunduwo kubwerera ku chibadwa chake chakale.

Koma ngati mukulimira maluwa opangira mankhwala a CBD, pamenepo chachimuna chimodzi chitha kukugwetsani. Alimi a fodya mumva msanga. Mumathena fodya kuti mphamvu isapite ku maluwa ndi njere, ipite ku tsamba. Chamba chachikazi chomwe sichinalandire mungu chimapitiriza kukulitsa maluwa ndi kutulutsa utomoni, ndipo mu utomonimo ndimo muli CBD yomwe wogula akulipira. Chikangolandira mungu, mphamvu imakhotera ku njere, utomoni umachepa, ndipo maluwa odzaza njere amagulidwa motsika kapena kukanidwa kumene. Chachimuna chimodzi chimatulutsa mungu wochuluka zedi, wopepuka, woti mphepo imautenga mtunda wa makilomita angapo. Ganizirani mwera wa mu Julayi mmene umaulutsira fumbi.

Tiyerekeze kuti gulu lafesa machubu 1,000 a mbewu wamba pofuna maluwa. Pafupifupi 500 adzakhala aamuna. Mwagula machubu, mwasefa dothi, mwathirira mwezi wathunthu, mwaokera, mwathira manyowa, kenako theka n'kudzazula. Pamene mwazulapo patsala mipata yomwe simungapakize chifukwa nthawi yapita. Ichi n'chifukwa chake olima za maluwa amagwiritsa ntchito njira ziwiri.

Yoyamba ndi mbewu yolembedwa kuti feminized, kutanthauza yotulutsa zazikazi. Mmene amaipangira ndi umboni wa zonse ndanenazi. Makampani a mbewu amapopera chomera chachikazi mankhwala okhala ndi siliva, omwe amatsekereza ntchito ya ethylene uja. Chomeracho chimatulutsa maluwa aamuna, koma popeza ndi XX, mungu wake wonse ndi wa X. Akauthira pa chachikazi china, ana onse ndi XX, chifukwa Y palibe komwe angachokere. Onani kuti ngakhale akatswiriwo sasintha njere yomwe yabadwa kale, amasintha bambo. Imeneyi ndi ntchito ya ochulukitsa mbewu ovomerezeka, si yoti tiyesere kuseri kwa nyumba, ndipo chomera chopoperedwacho sichigulitsidwa ngati mankhwala. Mbewu yotere ndi yodula, ndipo ngakhale yabwino imatha kutulutsa chachimuna apo ndi apo, choncho kuyendera munda sikutha. Pogula funsani chikalata cha mbewuyo, dzina la mtundu ndi nambala ya thumba, ndipo risiti isungidwe ndi mlembi wa gulu.

Yachiwiri ndi kudula nthambi za chachikazi chodziwika n'kuzimeretsa mizu, monga timachitira ndi chinangwa kapena mbatata. Nthambi ya chachikazi ndi yaikazi basi. Njirayi imafuna nazale yaukhondo ndi magetsi osungira mayiyo kuti asayambe maluwa, ndipo mayi akadwala ana onse adwala. Palinso kuyeza kachidutswa ka tsamba ku labotale, komwe amafufuza chizindikiro cha Y mbande ikadali yaing'ono, koma kwa gulu ngati lathu maso ndiwo chida chotsika mtengo.

Maso amenewa ayang'ane pati? Pa mfundo, pamene tsamba ndi nthambi zimachokera pa tsinde, makamaka mfundo za kumtunda. Zizindikiro zimayamba kuoneka pakatha masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi chimerereni, nthawi zina msanga kuposa apo. Chachimuna chimatulutsa timipira tobiriwira tosalala, tokhala pa kamphini kakafupi, koyamba kamodzi kapena tiwiri, kenako timachulukana ngati kaphava. Tikakhwima timatseguka, n'kulendewera tizinthu tachikasu tisanu, ndipo mukagwedeza pamatuluka fumbi lachikasu. Chachikazi chimatulutsa kathumba kosongoka kumutu, kokhala ndi tiubweya tiwiri toyera totuluka pamwamba. Mukaona tiubweya tiwirito, ndi mkazi. Chenjerani ndi timasamba tiwiri tosongoka ngati minga tomwe timakhala pa mfundo iliyonse: timeneto tili pa zonse, zazimuna ndi zazikazi, ndipo ongoyamba kumene amazula zazikazi zabwinobwino chifukwa cha ito. Mukakayika, mangani kachingwe pa chomeracho, mubwerenso mawa.

Zazimuna kawirikawiri zimatalika, zimakhala zowonda, za masamba ochepa, ndipo zimayamba maluwa sabata imodzi kapena awiri zazikazi zisanayambe. Kutalikako kukuthandizeni kudziwa poyambira kuyang'ana, koma musazule chomera chifukwa chongotalika.

Pochotsa chachimuna m'munda wa maluwa, pitani m'mamawa mame asanaume ndipo mphepo isanayambe, popeza mungu wonyowa suuluka. Timipira tisanatseguke ndiye nthawi yake. Vekani chomeracho thumba kuchokera kumutu, mangani, dulani pansi, mutuluke nacho osachigwedeza, mukachikwirire kutali. Musachisiye pa mzere kuti chiume, maluwa ake amatha kutseguka chitadulidwa kale. Ngati mwapeza totseguka kale, wazani madzi pa chomeracho ndi zoyandikana nazo musanachigwire, ndipo mukatero musalowe m'mizere ina ndi malaya omwewo. Kuyambira pomwe chizindikiro choyamba chaoneka, munda uziyenderedwa tsiku lililonse kwa masabata atatu, kenako kawiri pa sabata kufikira kukolola, pofunafuna tizinthu tachikasu tooneka ngati tinthochi tating'ono totuluka m'kati mwa maluwa aakazi. Chomwe chatulutsa tambiri chichotsedwe chonse. Mlembi alembe chiwerengero cha zomwe zachotsedwa ndi tsiku lake, chifukwa oyendera minda ya ziphaso amafuna kudziwa komwe chomera chilichonse chinapita.

Pali nkhani ina yomwe sitingaibise. M'madera ena chamba cha makolo chimamera m'mapiri ndi m'madimba obisika, ndipo mungu wake sudziwa malire a munda wa chiphaso. Ukagwera pa zomera zanu, maluwa a chaka chino adzaza njere. Choopsa chachikulu chili m'njerezo: theka la chibadwa chawo ndi la chamba choledzeretsa, ndipo mukazidzala chaka chamawa THC itha kupitirira 1 peresenti ija, munda wonse n'kulephera poyezedwa. Ndiye chizolowezi chathu chosunga mbewu, chomwe chimatithandiza pa mtedza ndi nyemba, pano tichisiye. Njere zomwe mwazipeza m'maluwa a munda wa zazikazi zokhazokha nazonso musazidzale. Ngati zinabadwa ndi mungu wa chachikazi chovutika zidzatuluka zazikazi ndithu, koma zotengera khalidwe lomwelo lotulutsa mungu. Ndipo magulu awiri oyandikana, lina lolimira njere lina lolimira maluwa, akhale pansi asanadzale, mfumu ndi mlangizi alipo, chifukwa zazimuna zomwe wina akuzisamala ndizo zomwe zingaononge malonda a mnzake.

Sindikufuna kuti mungondikhulupirira chifukwa ndapita ku sukulu ya zaulimi. Pa munda wathu wophunzirira tiyesa tokha, m'chigawo cha mbewu ya njere chomwe chili kutali ndi maluwa. Titenga njere 200 za mbewu wamba m'thumba limodzi. Amene mumakhulupirira kuti mumadziwa njere yaikazi musankhe 100 zomwe mukuti n'zazikazi, tidzale pa bedi loyamba. Zotsalazo tidzale pa bedi lachiwiri. Madzi, manyowa ndi tsiku lofesa zikhale zofanana. Zikayamba kuonetsa, chachimuna tizichimanga kansalu kofiira, chachikazi koyera, ndipo kagulu kalikonse kazijambula pa pepala lalikulu zomwe kaona pa mfundo, monga timachitira poyendera munda sabata iliyonse. Sabata yamawa kagulu koyamba kabwere ndi nsalu zakale zofiira ndi zoyera, kachiwiri kabwere ndi makeni awiri ndi zikhomo zolembapo mabedi. Tikumana 7 koloko m'mawa, mame asanaume.